Kagalu kanu katupa thupi lonse? Yang'anani kaye musanathamangire Panado

Mvula ikangoyamba kuno kunyanja funso limakhala limodzi lomwelo, ati kagalu kanga katuluka zotupa thupi lonse kakungolira usiku onse ndipange bwanji. Nthawi zambiri sizithupsa ayi, ndi mphutsi. Pali ntchentche ina imaikira mazira pamchenga wa pamthunzi pomwe pagwera mkodzo kapena chimbudzi, nde tiagalu tikagona pamenepo timphutsi timaboola khungu nkumakulira momwemo, ndipo mchenga ife kuno ndiwosasowa, kuyambira kwa Mpondasi mpaka ku Monkey Bay. Yang'anitsitsani chotupacho muona kabowo pakati ndi kanthu kakusuntha mkatimo. Matani Vaseline pakabowopo kuti mphutsiyo isowe mpweya, dikirani pang'ono kenako finyani mmbali mofatsa, ituluka yonse, yoyera yonenepa ngati njere ya mpunga wophika. Osaiphulitsira mkati chifukwa bala limachita mafinya. Tsukani ndi madzi ofunda a mchere, kagaluko kazigona pasimenti kapena pachiguduli chochapa. Zovala za ana zomwe mwayanika pansi muzisita, ntchentche yomweyo sisankha.

Zimenezo mutha kuthana nazo pakhomo. Chomwe chimandiwawa mtima ndi mankhwala a anthu omwe timapatsa ziwetozi poganiza kuti tikuzithandiza. Abale anga, Panado amapha mphaka, olo kachidutswa, thupi lake silitha kumugaya, nkhope imatupa, nkhama zimada, akubanika mpaka basi. Brufen naye amaononga mmimba ndi impso za galu. Ena galu akasosoka ubweya ndi mphere amamuthira oyilo wakuda wa mgalimoto, iye nkumanyambita poizoni yense uja, chonsecho jakisoni wa mphere alipo kwa alangizi a ziweto. Dipi wa ng'ombe wophera nkhupakupa osamuyandikitsa kwa mphaka, ngakhale mankhwala ena a utitiri olembedwa kuti ndi a galu amapha mphaka. Minga ya chambo nayo muzichotsa musanataye makombo, imabaya pakhosi.

Kagalu kakangosiya kudya, kakusanza, kakutsekula magazi onunkha koopsa, ameneyo kawirikawiri ndi parvo ndipo sadikira mawa, kamafunika dripu tsiku lomwelo. Katemera wake amayamba kali ndi masabata 6 mpaka 8 kenako kubwereza, ndipo kachilombo kake kamakhala mdothi miyezi yambiri, nde musathamangire kubweretsa kagalu kena kosabayitsa pamalo pomwe kanzake kafera.

Koma nkhani yomwe sindifuna muiphonye ndi chiwewe. Galu kapena mphaka akakwana miyezi 3 abayidwe, ndipo muzibwereza chaka chilichonse, musachite kudikira 28 September tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse kapena kampeni ifike mmudzi mwanu. Galu wachiwewe sikuti nthawi zonse amalusa, wina amangofooka, dovu likutuluka, kukamwa kuli yasa ngati watsamwidwa ndi fupa, munthu nkupisamo dzanja kuti amuchotse, pamenepo mpomwe ambiri amatengera. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu, ndikutanthauza kuyang'ana pawotchi, kenako kuchipatala tsiku lomwelo akalandire katemera, musayambe mwapita kwa asing'anga kapena kumangapo zitsamba. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu palibenso mankhwala. Ngati galuyo ndiwapakhomo mmangeni kapena mtsekereni masiku 10 ndipo dziwitsani alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi ya mdera lanu (EPA), koma katemera wa olumidwayo asadikire masiku amenewo.

Ana ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, amasewera ndi tiagalu ta mmudzi kudooko uko, akalumidwa amabisa poopa kukalipidwa kunyumba. Auzeni lero lomwe kuti akalumidwa olo pang'ono azinena msanga ndipo simuwakwapula.