Bug ya draw ija yakonzedwa, koma loboti yotseka ma issue inandikwana

Version yatsopano yatuluka ndipo bug (cholakwika cha mu pulogalamu) imene ndinakanena, yochedwetsa draw position yomweyo ikaoneka katatu, mulibenso. Pulogalamu yake sinditchula dzina. Ndi ya tchesi, yaulere, code yake ili poyera pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo code, ndipo oikonza ndi anthu ongodzipereka omwe masana amakhala ali ku ntchito zawo. Ndikulemba izi chifukwa m'magulu athu a tchesi anthu sachedwa kunena kuti "pulogalamuyi yandibera draw", koma dandaulolo limathera pa WhatsApp pomwepo. Silifika kwa munthu amene angalikonze, ndipo likati lafika limafika chimanjamanja.

Vuto linali ili. Malamulo a FIDE, bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse, ndime 9.2, amati position yomweyo ikaoneka katatu wosewera akhoza kupempha draw. Koma sikokwanira kuti ma piece angokhala m'malo omwewo. Wosuntha akhale yemweyo, ndipo ma move otheka akhale omwewo. Ngati ufulu wa castling (kusuntha mfumu ndi rook pa move imodzi) wasintha, kapena ngati ulendo woyamba panali mwayi wodya pawn mwa en passant (kudya pawn imene yangolumpha mabokosi awiri ngati kuti yasuntha bokosi limodzi), imeneyo ndi position ina. Pulogalamuyi inkafananitsa ma position pogwiritsa ntchito FEN, mzere uja wa zilembo wofotokoza bolodi lonse. FEN ili ndi zigawo 6: malo a ma piece, amene akusuntha, castling, bokosi la en passant, kenako manambala awiri owerenga ma move. Ndondomeko yakale ya 1994 imati pawn ikalumpha mabokosi awiri, bokosi la en passant lilembedwe ngakhale pafupi palibe pawn ya mdani yoti idye. N'chifukwa chake mukasewera 1.e4, FEN imatha ndi "b KQkq e3 0 1". Ka e3 kameneka ndiye kanali gwero la zonse. Position ikabweranso, pamalo pa e3 pamakhala kamzere, pulogalamu n'kumaona ngati ndi zinthu ziwiri zosiyana, chonsecho en passant sinali yotheka n'komwe.

Ntchito yeniyeni ndi yochepetsa vutolo mpaka likwane pa mzere umodzi. Musatumize masewera a ma move 70 n'kunena kuti "onani kumapetoko". Palibe amene adzaone. Ine ndinatumiza izi basi: 1.e4 Nf6 2.Nf3 Ng8 3.Ng1 Nf6 4.Nf3 Ng8 5.Ng1. Pa 5.Ng1 position ya pambuyo pa 1.e4 yaoneka kachitatu, batani la draw liyenera kutuluka. Silinkatuluka. Linkabwera wakuda akasewera 5...Nf6, mochedwa ndi move imodzi. Zikuoneka zazing'ono, koma pa masewera enieni mdani akasintha njira pa move imeneyo, draw yanu yapita. Munthu wokonza pulogalamu akhoza kusewera ma move amenewa m'mphindi imodzi, akumwa tiyi, n'kudzionera yekha. Akadzionera yekha ndiye kuti mkangano watha.

Malo okanena ndi amene amasocheretsa ambiri. Pafupifupi ma project onsewa ali ndi Discord kapena malo ena ochezera, ndipo n'kosavuta kungoponya dandaulo mmenemo. Kumeneko kuli ngati kufuula mu depoti ya minibasi: wina akuyankha, wina akuseka, pakatha ola limodzi mawu anu akwiriridwa ndi mikangano ya ma opening. Wina adzakuuzani kuti kwa iye zikuyenda bwino, asanayese n'komwe zomwe mwalemba. Malo ochezera ndi abwino pofunsa kuti "kodi ili ndi vuto lodziwika kale?" Kupitirira apo, pitani pa Issues, malo a pa GitHub olembapo mavuto a pulogalamu. Issue ili ndi nambala, imasakika, ndipo code yokonza vutolo imalumikizidwa nayo.

Musanalembe, sakani. Apa tcherani khutu: bokosi losakira la GitHub limayamba likuonetsa ma issue otsegula okha. Fufutani mawu oti open aja kuti otsekedwa aonekenso, ndipo yesani mawu angapo, threefold, repetition, draw, en passant, chifukwa aliyense amatchula vuto mwanjira yake.

Ndiye nayi nkhani imene inandipsetsa mtima. Issue yakale inalipo. Mutu wake unali woti draw sikugwira ntchito, basi. Munalibe ma move, munalibe FEN, munalibe version. Wokonza wina anafunsa mwaulemu kuti tipatseni masewerawo, mwini issue sanabwerenso. Pansi pake panali mzere wa anthu olemba "+1" ndi "kwa inenso", palibe ngakhale mmodzi anaikapo move. Kenako kunabwera loboti. Ma project ambiri amaika loboti yotchedwa stale, ndipo akapanda kusintha makonzedwe ake, issue ikakhala masiku 60 popanda wolembapo imaimata chizindikiro choti yatha ntchito, pakatha masiku ena 7 n'kuitseka. Loboti ina inabwera pambuyo pake n'kuikhoma ndi loko kuti wina asalembeponso. Bug ili mommo, koma pa GitHub nkhani yatha.

Ndinatsegula yanga yatsopano, yokhala ndi zonse, ndipo ndinatchulamo nambala ya yakaleyo. Munthu wothandiza kusanja ma issue anaona mawu oti draw, anaitseka n'kulemba kuti ndi duplicate ya ija. Taganizani. Yatsopano yatsekedwa chifukwa yakale ilipo. Yakale ndi yotseka, yokhoma, yopanda kanthu mkati. Ukalowera kuti? Ndipo issue yako ikatsekedwa ndi eni project, iwe sungaitsegulenso wekha, batani limenelo limangopezeka ngati unatseka ndiwe. Munthuyo sindikumuda, ma issue amene amawerenga pa sabata ndi ambiri ndipo salipidwa. Chimene sindichimvetsa mpaka lero ndi nzeru yoika loboti yoti izitseka bug chifukwa chakuti anthu asiya kuilankhula. Bug siichira chifukwa chokhala chete. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ukadekha masiku 67 lobotiyo imakutsekera chitseko. Chiwerengero cha ma issue otsegula chimatsika, project n'kumaoneka yaukhondo, mavuto ali chikhalire. Choipitsitsa n'chakuti loboti imeneyi imaphunzitsa anthu khalidwe lomwe okonza amadana nalo, lolemba "bump" mwezi uliwonse kuti issue isafe.

Potulukira pake ndi apa: issue yotsekedwa si yokhomedwa. Pa yanga ndinkathabe kulemba. Ndinalemba mizere itatu, yopanda ukali: kuti yakaleyo ndi yokhoma ndipo ilibe njira yoonetsera vuto, kuti ma move ali pamwambawo amalionetsa pa version yaposachedwa, ndiponso kuti ndime 9.2 imayang'ana ma move otheka, osati zomwe zalembedwa mu FEN. Ndinatchula munthu mmodzi yekha ndi @, amene anatsekayo. Musatchule okonza onse nthawi imodzi, aliyense amalandira uthenga ndipo mumangodzipangira adani. Inatsegulidwanso, n'kumatidwa chizindikiro cha bug.

Ndadumpha za zomwe muyenera kulemba mkatimo. Ngati project ili ndi fomu yake, idzazeni yonse, ndipo werengani kaye CONTRIBUTING.md, nthawi zambiri ndi tsamba limodzi. Mutu unene vuto lenileni: chimene chikulephera ndi nthawi imene chimalephera. Mkati muikemo ma move, chomwe mumayembekeza, chomwe chinachitika, nambala ya version monga ikuonekera pa About, ndi chipangizo chanu, kaya ndi Android yanji, Windows kapena Linux. Mawu oti "version yatsopano" sathandiza, chifukwa mwezi wamawa adzatanthauza china. Ngati ndi pulogalamu ya mu browser, dinani F12, pitani pa Console, koperani mizere yofiira. Yesaninso ma extension onse atazimitsidwa, chifukwa mavuto ambiri a bolodi losayenda amachokera kumeneko, osati ku pulogalamu. Chingerezi chanu chisakudetseni nkhawa. Ziganizo zifupizifupi ndi ma move olondola zimaposa ndime yaitali yokongola.

Ma move ndi FEN muwaike ngati zilembo, osati chithunzi. Chithunzi cha bolodi munthu sangachikopere, ayenera kuyala ma piece mmodzimmodzi, ndipo sichionetsa castling kapena en passant, zomwe pa nkhani ngati iyi ndiye mutu wake. Ikani FEN pakati pa tizizindikiro titatu ta ` kumwamba ndi kumunsi kuti GitHub isasokoneze zilembo. Fayilo ya PGN, yosunga ma move a masewera, ikakana kukwera, isintheni dzina ithere ndi .txt. Kanema ndi wa mavuto ooneka ndi maso okha, monga piece yothawa chala pokoka. Amadya bandulo, ndipo pa project wamba GitHub imakana kanema woposa 10 MB.

Dziwaninso kuti project imodzi ikhoza kukhala ndi zitseko zingapo. Lichess, malo osewerera tchesi pa intaneti, imene Thibault Duplessis wa ku France anayamba mu 2010, ndi chitsanzo chabwino. Seva yake, yolembedwa mu Scala, ili mu repository yotchedwa lila, malamulo a tchesi ali mu scalachess, bolodi lomwe mumaona ndi chessground, ndipo app ya pa foni ili payokha. Mawu omasuliridwa molakwika amakonzedwa pa Crowdin. Munthu amene mukumuganizira kuti akubera ndi injini (pulogalamu yomusankhira ma move) mumamunena ndi batani la report, osati pa GitHub, ndipo kumutchula dzina poyera n'kuphwanya malamulo. Pa VASSAL, pulogalamu ya Java yoseweretsa masewera a bolodi mazanamazana, funso loyamba ndi lakuti vuto lili mu injini (VASSAL yeniyeniyo) kapena mu module (fayilo ya masewera omwe mukusewera), chifukwa ma module amapangidwa ndi anthu ena, ndipo okonza injini adzakufunsani fayilo ya errorLog. Ku Stockfish, pulogalamu yosewera tchesi yokha, kunena kuti "yasewera move yopusa" si bug. Kusintha kulikonse kokhudza mphamvu yake kumayesedwa pa Fishtest ndi masewera masauzande ambiri, ndiye maganizo a munthu mmodzi pa position imodzi sasuntha kanthu. Ndipo mukapeza bowo lokhudza chitetezo, monga njira yolowera mu akaunti ya wina, musalembe poyera, onani SECURITY.md.

Tibwerere ku loboti, chifukwa inabweranso. Issue itatsegulidwa panakhala zii, okonza ali ndi zina, ndipo tsiku lina uthenga unafika woti yamatidwa stale. Chilichonse chomwe mungalembe chimachotsa chizindikirocho, koma lembani chaphindu. Ine ndinayesanso ma move aja pa version imene inali itangotuluka, n'kulemba nambala yake ndi kuti vuto likadalipo. Ndinafunsanso ngati angauze lobotiyo kuti izisiya ma issue otsimikizidwa. Ili ndi pokonzera potchedwa exempt-issue-labels, ndi mzere umodzi. Eni ma project, chonde, mzere umodzi umenewo.

Inu amene mwapeza issue yofanana ndi vuto lanu ndipo mulibe chatsopano chowonjezera, musalembe "+1". Dinani chala chokweza pansi pa uthenga woyamba, kenako Subscribe. Okonza amatha kusanja ma issue potengera zala zimenezo, pomwe "+1" amangotumiza uthenga wopanda pake kwa aliyense wotsatira nkhaniyo. Koma ngati vuto lomwelo likuchitika pa chipangizo china, kapena muli ndi ma move afupi kuposa omwe alipo, lembani, chimenecho ndi chatsopano. Ndipo ndibwereze: ma move ngati zilembo, osati chithunzi.

Amene anakonza ndi munthu wina wongodutsa, osati mwini project. Anatenga ma move aja n'kuwasandutsa test, anasintha mizere yochepa, n'kulemba "Fixes" ndi nambala ya issue mu pull request yake, pempho loti code yakeyo ilowetsedwe. Mawu amenewo amachititsa kuti issue itsekeke yokha code ikangolowetsedwa. Apa ambiri amasokonezeka, amatsegula foni, bug ikadalipo, n'kuyamba kukalipa. Kulowetsedwa kwa code ndi kutuluka kwa version ndi zinthu ziwiri. Pulogalamu ya pa intaneti imasintha msanga, koma ya pa Play Store kapena F-Droid imadikira release, ndipo pakhoza kupita masabata. Yang'anani changelog, mndandanda wa zomwe zasintha mu version iliyonse. Ngati pali build yoyesera, itsitseni muyese, chifukwa nthawi yabwino yonena kuti "sizinatheretu" ndi imeneyo, wokonzayo code ikadali m'mutu.

Ndipo sizinatheretudi. Kukonzako kumangoona ngati pali pawn ya mdani pambali. Nanga pawn ikakhalapo koma kudyako n'koletsedwa? Yalani izi: 8/8/8/8/k2Pp2R/8/8/6K1 b - d3 0 1. Woyera wangosewera d4, pawn yakuda ili pa e4, koma ikadya pa d3 ma pawn onse awiri achoka pa mzere wachinayi, mfumu ya pa a4 n'kuyang'anizana ndi rook ya pa h4. Move imeneyo siyololedwa, ndiye d3 siyenera kuwerengedwa pofananitsa ma position. Sindinaiunjike pa issue yotsekedwa ija. Vuto lililonse issue yakeyake, ndi nambala ya inzake mkati. Imeneyo ikadali yotsegula. Mauthenga a GitHub ndawachotsa ku spam kuti loboti ikabweranso ndidzaione masiku 7 aja asanathe.