Sabata ya anyamata anayi a ku Liverpool

Lolemba m'mawa abwana anandiitanira mu ofesi. "Pologalamu ya nyimbo zakale Lamulungu lino ikhale ya The Beatles, koma osati gululo. Omvera amve zomwe aliyense anachita atabalalika mu 1970." Ndinavomera msangamsanga. Mumtima ndinkati mlandu wake ndi wa anthu awiri basi, John Lennon ndi Paul McCartney.

Lachiwiri ndinakhala mu laibulale ya wailesi yathu, mahedifoni kumakutu, mpaka nsima yamasana inandidutsa. Amene anandigwira ndi George Harrison. Ali m'gulu ankangomulola kuika nyimbo imodzi, ziwiri, zikachuluka zitatu pa mbale. Zotsalazo ankasunga ngati chimanga m'nkhokwe. Gulu litangotha, mu Novembala 1970, anatsegula nkhokwe ija: All Things Must Pass, mbale zitatu m'bokosi limodzi. Mwa anayiwo, ndi iyeyu anayamba kufikitsa nyimbo yake payekha pa nambala wani: My Sweet Lord. Nyimbo yomweyo inamukokera kukhoti, ndipo mu 1976 woweruza anati anatengera chuni cha nyimbo ya The Chiffons, gulu la atsikana a ku America, mosazindikira. Ndinazisewera zonse ziwiri motsatizana. Kufanana kulipo ndithu, koma ya George ndi yomwe ndinkaing'ung'udza mu minibasi madzulo.

Lachitatu tinakangana ndi a injiniya athu, madala aimvi omwe anayamba ntchito nthawi ya matepi odula ndi lezala.

"Iwe mwana, mwini nyimbo ndi Paul. Enawo ankangoyesa."

Anandikumbutsa za Band on the Run, yomwe Paul anakajambula ku Lagos mu 1973, anzake awiri a gulu lake latsopano la Wings atamuthawa ulendo uli pafupi. Kumeneko achifwamba anamulanda matepi atamuloza mpeni, woimba wa ku Nigeria Fela Kuti nayenso n'kumunena kuti wabwera kudzaba nyimbo za mu Africa. Chimbalecho chinatulukabe, n'kugulidwa kwambiri.

"Zoona, madala," ndinatero, "koma Paul sanamanidwepo mpata."

John ndinamupatsa mphindi zochepa kuposa momwe ndinkafunira. Kuyambira 1975 anakhala zaka zisanu osatulutsa chimbale, akulera mwana. Atangobwerera, anaomberedwa ku New York pa 8 Disembala 1980. Ringo Starr ndinatsala pang'ono kumuiwala, chonsecho pa chimbale chake cha 1973 anzake onse atatu anaikapo dzanja.

Lachisanu magetsi anazima tili mkati mojambula mawu oyamba. Jenereta inachedwa kulira, kompyuta inataya zonse, tinayambiranso mawu atasasa.

Lamulungu mafoni anachuluka a Paul, madala aja akumwetulira kuseri kwa galasi. Kutatsala mphindi zinayi, mayi wina wa ku Zomba anaimba kuti ndimuikire ya George ija, ankaimvera ndi malemu amuna awo. Madala anapukusa mutu, kenako anaikweza okha.