Nkhani ya setcar siikundichoka m'mutu

Mnzanga yemwe timapanga naye ka editor kathu wanditumizira meseji madzulo ano, mizere iwiri basi: "Aise, usavutike ndi ma barrier. Ingoika mprotect, kernel iziona yokha." Nkhani yake ndi ya GC, mbali ya pulogalamu yomwe imatolera zinyalala mu memori, kuti izidziwa bwanji chinthu chakale chikasinthidwa: ine ndikufuna barrier, ka code kodziwitsa GC pa kulemba kulikonse, iye akufuna mprotect, njira yopempha kernel (mtima wa operating system) kuti itseke mbali ya memori. Ine nkhaniyi ndinali nditakhala nayo kuyambira m'mawa, ndiye liwu loti "ingoika" landilasa, ndipo mpaka pano ndikulemba izi mtima sunakhale pansi.

Ka editor kathu kali ndi ka chilankhulo cha Lisp mkati ngati editor yakale ija ya Emacs, ndipo GC yake ndi yachikale ija ya John McCarthy ya 1960: imitsa chilichonse, yambira ku mizu (zinthu zomwe pulogalamu yagwira panopa), tsata pointer iliyonse (adiresi yoloza chinthu china mu memori) uziika chizindikiro pa chomwe wachipeza chamoyo, kenako sesa zonse zotsala. Imagwira ntchito, palibe angatsutse, Emacs yayenda nayo zaka zambirimbiri. Kumeneko kuli gc-cons-threshold, pa makina a 64 bit imabwera ili pa mabayiti 800000, ukapanga zinthu zatsopano zopitirira apo imaima n'kutolera zinyalala. Koma pa editor munthu zala zili pa kiyibodi, chilembo chikachedwa kutuluka ngakhale pang'ono pokha umamva m'thupi. Anthu amakweza nambala ija kufika pa mamegabayiti ambiri, koma uko n'kungosuntha vuto, kuima kumabwera mwa apo ndi apo koma kukabwera kumakhalitsa.

Ndiye tinagwirizana kale kuti tigawe zinthu m'mibadwo. Pa ichi sitikangana. David Ungar analemba za zimenezi mu 1984, kuti zinthu zambiri mu memori zimafa zikangobadwa, ndiye uzitolera kawirikawiri kwa zatsopano zokha, zakale uzizisiya. Pamene pavuta ndi apa: chakale chimatha kuloza chatsopano. Ndipo mu editor zimachitika nthawi zonse. Tenga buffer, malo osungira mawu omwe ukulemba, yomwe yakhala yotsegula kuyambira m'mawa, ndi yakale imeneyo. Ukafufuta liwu, pulogalamu imapanga cons yatsopano (kabokosi ka zinthu ziwiri komwe Lisp imamangira mindandanda) yosunga zomwe wafufutazo n'kuiika kumutu kwa mndandanda wa undo, ndipo buffer yakale ija tsopano ikuloza mwana wobadwa kumene. GC ikabwera kudzayang'ana kwa zatsopano zokha, siona aliyense woloza cons ija, poti buffer siyikuyendera, ndiye imaitaya. Palibe chimachitika pompo. Munthu amapitiriza kulemba, mwina ola lathunthu, kenako adina undo, pulogalamu n'kukawerenga malo omwe tsopano muli zina, n'kugwa. Zili ngati ukusesa m'nyumba, chipinda china wachimaliza n'kutseka, wina n'kulowamo mwakachetechete n'kusiya kapepala koti chikwama chili pakhomocho n'changa, iwe osabwereramo, chikwama n'kupita kudzala.

Choncho nthawi iliyonse pointer ikalembedwa m'chinthu chakale, penapake payenera kudziwika. Funso n'loti adziwitse ndani.

Ndinamuimbira, poti pa meseji ndikanalemba zoipa. Sindikukumbuka kuti inali nthawi yanji, kunja kunali kutada kale. Iye anayamba ndi kundifunsa kuti kodi ndikudziwa malo angati mu C yathu omwe amalemba molunjika m'kati mwa chinthu osadutsa pa setcar kapena aset, ma function ovomerezeka osinthira za m'kati mwa chinthu, pomwe barrier ingakhale. Akuti "iweyo ukuganiza kuti uwapeza onse? Ukaphonya amodzi okha ndi bug yomwe sudzaigwira." Ndipo apa sakunama, ichi ndiye chimandiopsa inenso. Barrier ya mu code imadalira kuti munthu aliyense wokhudza C, lero ndi zaka zikubwerazi, azikumbukira. Ya mprotect sidalira kukumbukira kwa munthu. Umatseka mapeji (zigawo za memori) a zinthu zakale kuti aziwerengedwa kokha, wina akayesa kulemba purosesa imakana, kernel imatumiza signal ya SIGSEGV yonena kuti wakhudza memori yoletsedwa, ka handler kako, ka code koilandira, kamalemba kuti peji iyi yadetsedwa, n'kuitsegula, pulogalamu n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Ngakhale memcpy, function yokopera mabayiti, yobisala pakona imagwidwa.

Ndinamuyankha kuti aise, peji ndi mabayiti 4096, pa ma Mac atsopano aja ndi 16 KB. Cons yathu ndi mabayiti 16. Ndiye kuti peji imodzi yaing'onoyo muli ma cons 256, ukhudze imodzi yokha GC iyendera onsewo. Komanso purosesa sidziwa kusiyana kwa pointer ndi nambala wamba. Munthu akamalemba zilembo motsatizana, mndandanda wa undo sufuna cons yatsopano, umangosintha nambala ya pothera mu yomwe ilipo kale, palibe pointer yabadwa apo, koma peji idetsedwabe ndipo ulendo wa ku kernel ndi kubwerako ulipiridwabe. Iye akuti ulendowo ndi umodzi pa peji mpaka GC yotsatira, pamene barrier yanga imalipiritsa pa kulemba kulikonse. Zoona. Ndinakhala chete pang'ono.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si liwiro. Ndi zinthu zina zachilendo zimene zimabwera nazo. Ukapatsa read(), function yowerengera fayilo, malo omwe ali pa peji yotseka, kernel situmiza signal ayi, imangobweza error ya EFAULT, ndiye fayilo yakanika kuwerengedwa pa chifukwa chomwe sichikugwirizana n'komwe ndi fayiloyo. Ukatsegula gdb, pulogalamu yosakira ma bug, imaima pa SIGSEGV iliyonse mpaka uiuze kuti izingodutsitsa, ndipo ukatero tsiku lomwe pulogalamu yagwa zenizeni uyenera kusiyanitsa kugwa kwenikweni ndi kugogoda kwa GC. Ine SIGSEGV ndinakula ndikuidziwa ngati kulira kwa pulogalamu yovulala, kuisandutsa chinthu cha tsiku ndi tsiku kumandisowetsa mtendere, kaya ndi maganizo chabe kaya.

Apa m'pamene anatulutsa mfundo yake yaikulu. Akuti a Emacs omwe, pa nthambi yawo ya GC yatsopano yotchedwa igc yomwe Gerd Möllmann anayambitsa mu 2024, sanapite kukasaka kulemba kulikonse mu C yawo, anatenga MPS, GC yopangidwa kale ya kampani ya Ravenbrook, yomwe imagwiritsa ntchito kutseka mapeji komweku. "Anthu a code ya zaka makumi anayi asankha zimenezi, iwe ndi ka editor kako ukufuna kuposa ndani?" Ndinamuuza kuti chifukwa chake n'chomwecho, code yawo ndi yaikulu ndiponso yakale, kuisintha yonse ndi ntchito yoopsa, ife kathu n'kakang'ono tikhoza kutseka zitseko zonse n'kusiya chimodzi. Java pa HotSpot, pulogalamu yoyendetsera Java, imadula memori m'timakhadi ta mabayiti 512, kulemba pointer kulikonse kumangodetsa bayiti imodzi pa tebulo, basi, palibe kernel palibe signal. Akuti eya, koma kumeneko compiler ndiye imaika barrier, osati munthu wotopa usiku. Ndinati nanga Ruby? Ruby 2.1 mu 2013, Koichi Sasada anali ndi vuto ngati lathuli, C yambirimbiri yolembedwa ndi anthu ena yomwe sangaikhulupirire, ndiye anagawa zinthu pawiri, zomwe zili ndi barrier ndi zomwe zilibe. Zopanda barrier sizikwezedwa kukhala zakale, GC imangozisamala mwapadera, ndipo amapita akuwonjezera barrier pang'onopang'ono pomwe atsimikiza. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa ukakayikira umataya liwiro osati zolemba za munthu.

Sanayankhe zimenezo. Anangoti pali njira ina yopanda signal, Linux ili ndi ma soft-dirty bit omwe umawerenga mu /proc, Windows ili ndi GetWriteWatch, Boehm GC imadziwa kugwiritsa ntchito zoterezi. Ndinati ndiye kuti makina aliwonse njira yakeyake, tili awiri tokha, aziyesa zonsezo ndani. Tinatsanzikana bwinobwino koma aliyense ali pomwe anali.

Nditadula foni ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chomwe zandikhudzira chonchi, poti kukangana ndi iyeyu si kwachilendo. Ndikuona ngati n'chifukwa choti editor anthu amaikamo zinthu zomwe sanasunge. Wina akulemba kalata yovuta, wina mutu wa buku, wina code yomwe yangomutulukira bwino pambuyo povutika. Pulogalamu ina ikagwa umangoitsegulanso. Iyi ikagwa pamapita maganizo a munthu omwe mwina sabweranso momwe analili. Ndiye munthu akandiuza kuti "ingoika" pa chinthu chomwe chimasankha kuti ichi chikhale ichi chitayidwe, ndimamva ngati sitikuona chinthu chimodzi. Komatu mwina iyenso akuopa zomwezo, kungoti iye akuopa kuiwala kwa munthu, ine ndikuopa makina ochita zinthu kumbuyo kwanga. Mutu ukundiwawa, maso atopa ndi sikirini, ndipo ndaona kuti ndikatopa chonchi kanthu kakang'ono kamakula.

Ndatsegulanso fayilo ya ma buffer. Mawu enieni a mu buffer alibe vuto, ndi mabayiti chabe mulibe pointer, GC ilibe nawo ntchito. Ovuta ndi ozungulira: ma marker osunga malo m'mawu, ma overlay osintha maonekedwe a mawu, mitundu ya zilembo, undo ija, ndi ma variable a buffer iliyonse. Pali ka function kena kosuntha ma marker komwe kamalemba molunjika m'ma struct, kamathamanga pa chilembo chilichonse, ndakayang'ana nthawi yaitali. Mzere wina ukusintha nambala, wotsatira ukusintha pointer, ndipo pa maso amaoneka ofanana ndendende. Apa m'pomwe mnzanga amanena.

Pali ganizo lomwe landibwerera mochedwa. Bwanji barrier ikhale ya mu code, makhadi ngati a Java, koma poyesa pulogalamu tizitseka mapeji a zakale ndi mprotect, kuti kulemba kulikonse kosadutsa pa khomo lovomerezeka kuzigwa pompo, pa mzere weniweniwo, osati patapita ola pa undo. Ndiye kuti mprotect yake ikhala mlonda wa barrier yanga. Koma igwira zokhazo zomwe mayeso adutsamo, njira yomwe sitinaiyese ikhalabe yobisika, ndipo khomo lovomerezekalo liyenera kutsegula peji n'kuitsekanso pa kulemba kulikonse, zomwe zichedwetsa mayeso koopsa. Ndayamba kumulembera meseji, ndafika pakati, ndaona kuti andifunsa kuti ngati mprotect tikuilemba kale bwanji osangoisiya igwire ntchito yonse, ndipo yankho la funso limenelo ndilibe panopa. Mesejiyo sindinatumize.