Tinakaphunzira kumchenga: ulendo wathu wa ku Monkey Bay

Tinanyamuka ku Zomba kusanache, anthu 14 a gulu lathu lobzala mitengo la cha ku Jali. Chomwe chinatidzutsa ndi chilala cha 2024, chija boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Maluwa ndi timitengo tomwe tinkagula m'tauni zinapsa zonse, ngakhale tinkazithirira mmawa ndi madzulo. Zimakondwa kumtunda kuja, m'tauni ya Zomba, chifukwa phiri limakoka mvula ndi kamphepo kozizira. Ife tili kumunsi, kuyang'ana nyanja ya Chilwa, ndipo dzuwa lathu ndi lina.

Tinawoloka Shire pa Liwonde, kudutsa Mangochi, n'kufika ku Monkey Bay dzuwa la Okutobala lili paliwombo. Mchenga unkaotcha ngakhale titavala masilipasi.

Anatilandira ndi amayi ena achikulire a gulu la kumeneko. Titangolowa pabwalo pawo, mnzanga anandinong'oneza kuti, "Kodi pano sasesa?" Pansi pa mitengo yonse panali masamba ouma ndi mapesi. Amayiwo anamva, ndipo anamuitana. "Bwerani mwanangu, pisani dzanja apa." Iye anakankha masamba n'kulowetsa zala mumchenga: munali mozizira, mwa chinyontho pang'ono. Atasuntha phazi limodzi lokha kufika poyera, dzanja analichotsa msanga. Ine zinandikhudza kwambiri, chifukwa kwathu tinakula tikudziwa kuti mkazi waukhondo amasesa bwalo mpaka kuyera mbee, zinyalala n'kuzitentha. Amayiwo amasesa njira ndi pakhomo pokha, zotsalazo amazikokera kutsinde kwa mitengo.

Mchenga susunga madzi, amangodutsa n'kupita pansi. Ndiye iwo sawaza madzi pamwamba tsiku ndi tsiku monga tinkachitira ife. Pambali pa mbande iliyonse anakwirira kamphika kadothi mpaka m'khosi, n'kuvundikira ndi phale. Amadzaza kamphikako ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba, ndipo madziwo amatuluka pang'onopang'ono molunjika kumizu. M'dzenje amasakaniza mchenga ndi manyowa a mbuzi owolerana bwino. Kubzala amadikira mvula yoyamba yokhazikika, kuti pofika chilimwe mizu ikhale italowa pansi.

Mitengo yawo sinali yachilendo kwa ife, kungoti sitinkaiwerengera ngati ya pakhomo. Panali bwemba wa mthunzi wandiweyani, mfula, mgwalangwa womwe amadulako mlaza wolukira mikeka, ndi nsangu chakumunda. Nsangu ndi uja amayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphukanso m'chilimwe, motero saphimba chimanga koma amapereka mthunzi pamene ukufunika. Mlambe anatichenjeza kuti tisauyandikize nyumba poti umakula kwambiri. Mbewu zake n'zolimba chikopa, choncho amazipala pang'ono pamwala n'kuziviika m'madzi asanafese. Pomwe ana amasewera anasiyapo kapinga, yemwe amauma m'chilimwe koma mvula ikangogwa amabiriwiranso.

Pa nkhadze tinasiyana maganizo. Abambo ena a m'gulu lathu anakonda mpanda wake chifukwa sufuna madzi. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe: utomoni wake ukalowa m'maso mwa mwana ndi nkhani ya kuchipatala. Pakhomo pa ana ang'ono ayi.

Vuto lomwe iwonso sanalithetse ndi mbuzi. Mbande iliyonse inali m'kampanda ka minga kapena njerwa zosanja, ndipo ina tinaiona itadyedwa ndithu.

Tinadya nsima ya usipa pansi pa bwemba uja, kenako anatigawira mbewu za nsangu ndi malambe m'timapepala. Ife tinawasiyira nthochi zomwe tinabwera nazo.

Kunyumba ndakwirira timiphika tiwiri pambali pa mbande za bwemba. Apongozi anga ataona masamba ataunjikana patsinde anatenga tsache, koma ndinawapempha kuti, "Amayi, tangoasiyani mpaka mvula ibwere, muone." Anagwedeza mutu n'kuika tsachelo pakhonde. Loweruka likubwerali gulu likumana kwa mlembi wathu kuti tidzaze machubu ofeseramo mbewu, ndipo aliyense abwere ndi ndowa ya manyowa a mbuzi.