Lamulungu la Kanjedza

Abale ndi alongo, lero ndi Lamulungu la Kanjedza, chiyambi cha Sabata Yoyera. Tikukumbukira Ambuye Yesu akutsika phiri la Azitona kulowa mu Yerusalemu, khamu likuyala zovala mumsewu n'kumafuula kuti "Hosana!" Nkhaniyi ili m'Mauthenga Abwino onse anayi, koma amene anatchula kanjedza ndi Yohane yekha, pa mutu 12.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi bulu uja. Mafumu opambana nkhondo ankalowa m'mizinda pa akavalo. Yesu anakwera mwana wa bulu, wobwerekanso, monga analosera mneneri Zekariya kuti mfumu idzabwera yofatsa. Ambiri ankayembekezera munthu woti awamasule ku goli la Aroma. Iye ankadziwa kuti Lachisanu kukumudikira mtanda, ndipo Luka akuti atauona mzindawo anaulirira.

N'chifukwa chake m'mipingo yambiri mwambo wa lero umayamba ndi mdipiti wa nyimbo zachimwemwe, kenaka n'kumva Masautso a Ambuye.

Chonde, tisangonyamula kanjedza lero n'kusowa mpaka pa Pasaka. Lachinayi Loyera ndi Lachisanu Loyera tikapezekeko ndithu.