Zikomo nonse amene simunatithawe

Loweruka lapitali tinali ndi chinkhoswe cha mlongo wanga kwathu kuno kufupi ndi Lizulu, ndipo amayi andituma kuti ndithokoze m'malo mwao, poti iwo foni ndi yoyankhira basi. Mnyamatayu anayamba kudwala ali fomu 4. Tulo tinamuthawa, ankati wailesi ikunena za iye, ndipo nsima yophika munthu wina ankaikankhira kutali, ati mwathiramo poizoni. Achipatala anati ndi schizophrenia, nthenda ya ubongo imene imakonda kuyamba munthu akungosinkhuka. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anati mu 2022 imagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300.

Ndiyambe ndi atsibweni. Mwanayu anadwala iwo atangotsegula chigayo, ndiye mukudziwa zimene zinkanong'onedwa pa chitsime ndi pa maliro, kuti amukhwimira. Ena anasiya n'kukagayitsa kwao komwe. Komatu ndi iwo amene anapeza galimoto yopita naye ku Zomba, mbuzi zathu zitathera kwa asing'anga. Atsibweni, mawu aja anakulasani, koma simunabwezere munthu. Mulungu akuonjezereni.

Agogo asanatisiye ankatiuza za mchimwene wao amene anadwala chonchi nthawi ya atsamunda. Ankamumanga ndi luzi kuseri kwa nyumba mpaka tsiku limene apolisi anabwera kudzamutenga, ndipo sanabwerenso. Masiku amenewo odwala otere ankasungidwa kundende ya Zomba, chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Ngakhale ku Ulaya kunalibe chabwino: ena ankawakomola ndi insulin, ena kuwachita opaleshoni ya ubongo. Mankhwala oyamba oziziritsa mawu omveka m'mutu aja, chlorpromazine, anayamba kuperekedwa ku Paris mu 1952, kenako haloperidol anatulukira ku Belgium mu 1958. Mchimwene wa agogo sanawaone. Mlongo wanga anawapeza.

Koma sikuti anali mankhwala opepuka ayi. Atayamba kumwa chlorpromazine ankagona usana wonse, dovu likuchucha, manja akunjenjemera moti kapu ya tiyi inkafika pakamwa itatayika theka. Amayi analira, ati nthenda yakula. Namwino wa odwala maganizo anawakhazika pansi n'kuwafotokozera kuti ndi mphamvu ya mankhwala, n'kuonjezera benzhexol kuti thupi limasuke. Mayi inu, dzina sinditchula, koma mukudziwa kuti ndi inu. Vuto lina n'lakuti akangopeza bwino ankasiya mapiritsi, mawu aja n'kubwerera. Chinatithandiza ndi jakisoni wa fluphenazine wa mwezi ndi mwezi. Pali mankhwala ena atsopano ngati risperidone, amene saumitsa thupi kwambiri ngakhale amanenepetsa, kungoti kumidzi kuno sapezekapezeka, ndipo ine ndimaona kuti odwala maganizo amakumbukiridwa pomaliza pogawa mankhwala.

Zikomo mlangizi wa zaumoyo amene munkapalasa njinga kubwera kunyumba tsiku la jakisoni likadumphidwa. Zikomo amfumu poletsa ana kumugenda ndi kumukuwiza. Amayi a kumpingo, munatilimira munda chaka chimene mayi sankachoka pakhomo poopa kuti atuluka n'kusowa. Ndipo iwe mnzake wa kusukulu, anzako onse atabalalika, unkabwera madzulo ndi bawo n'kukhala naye pakhonde, iye osayankhula ngakhale liwu limodzi. Sindidziwa kuti unapirira bwanji.

Kwa akuchikazi, tinakuuzani zonse popanda kubisa. Ankhoswe anu anafunsa ngati nthendayi idzapita kwa ana, ndipo linali funso labwino. Tinapita nanu kwa dokotala, anati chiopsezo chimakwerako koma ana ambiri a makolo otere sadwala. Munakakambirana kwanu, n'kubwera ndi yankho loti mwavomera. Alamu, takulandirani ndi manja awiri.

Mlongo wanga sanachire kotheratu, akupitiriza jakisoni, ndipo mwina adzapitiriza zaka zambiri. Ndiye pa ukwati, chonde, pasapezeke womupatsa mowa kapena chamba, ngakhale pongocheza. Mukamuona wayamba kusagona kapena kuyankhula yekha, uzani ine kapena atsibweni msanga. Inu ogula kachewere wake, tsiku la jakisoni sapita kumsika, muzimudikira mawa lake.