Tabwerako ku Kilimanjaro: zikomo nonse, makamaka iwe aise

Tafika bwino kunyumba. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ambiri mwakhala mukundiimbira foni ndi kunditumizira mauthenga pa WhatsApp mutamva zoti ndadwalira kuphiri, ndipo ena mphekesera inakupezani itanenepa kale, ati ndagwera kuphompho. Sindinagwe ayi. Ndili moyo, nsima ndikudya, chifuwa chokha ndicho chikanandikumbutsa komwe ndachokera. Pansonga penipeni, pa Uhuru Peak, sindinafikepo. Ndinathera pa Stella Point, mamita 5,756, kutangotsala mamita 139 kuti ndiponde pa 5,895. Nambala imeneyi ndaiwerengera kambirimbiri ndili gone kuchipatala ku Moshi, tauni ya m'tsinde mwa phirili, moti sindidzaiiwala.

Ndiyambe ndi amayi kumudzi. Nditawauza za ulendowu anandiyang'ana nthawi yaitali kenako nkufunsa kuti, "Kodi kuphiriko kuli maliro? Nanga mukukatengako chiyani?" Yankho ndinalibe. Komabe tsiku lonyamuka ananditumizira mtedza wokazinga wodzaza jumbo, ndipo ndamva kuti amvano anzawo anandipempherera Lachinayi lililonse. Amayi, mtedza uja unatha tisanafike ndi ku Mbeya komwe, koma zikomo.

Mayi a kunyumba, inu ndiye mwasenza zambiri. Zaka ziwiri ndalama yomwe tikanagulira malata inkapita ku ulendo umene simunaufune. Malipiro olowera m'phirimo amawerengera m'madola, ndiye pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zomwe tinasunga zinasungunuka usiku umodzi ngati mchere wogwera m'madzi. Ndinati basi tizisiye. Munandiyankha kuti walira mvula walira matope, ndimalize zomwe ndinayamba ndisadzakuvuteni ndi madandaulo ndikadzakalamba. Anzanga a banki nkhonde, munandikongoza mukuseka, mlembi nkulemba m'kaundula kuti "ngongole ya phiri". Ndiyamba kubweza mwezi uno, musade nkhawa.

Anyamata otsogolera alendo ku Likhubula, ku Mulanje, munatiphunzitsa kuyenda. Katatu konse tinakwera nanu, kawiri nkukafika pa Sapitwa titagona pa Chisepo. Inu munali oyamba kutiuza kuti nsapato zatsopano sizipita kuphiri, ziyambe zayendedwa. Tinagula zapakaunjika, ndipo palibe mwa ife amene anatuluka thuza. Chimene Mulanje sakanatiphunzitsa ndi mpweya. Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo ife tinkadziona ngati akatswiri. Ku Kilimanjaro, pa njira ya Machame yomwe tinasankha, usiku woyamba weniweniwo timagona pa mtunda wotsala pang'ono kufanana ndi Sapitwa, phiri lisanayambe nkomwe.

Za panjira sindichulukitsa. Basi mpaka Karonga, kuwoloka mlatho wa Songwe wapansi, kudinditsa pasipoti ku Kasumulu, kenako Tukuyu ndi minda yake ya tiyi ndi nthochi, mpaka Mbeya. Kumeneko tikanaphonya basi pakanapanda mayi wina wogulitsa tiyi pa depoti. Kondakitala anatiuza kuti basi inyamuka "saa kumi na mbili", ife nkumva kuti 12 koloko masana, tinakonza zogona mpaka dzuwa litakwera. Mayiwo, amene Chichewa amachimva chifukwa chogula malonda ku Karonga, anatifotokozera kuti anzathuwa amayamba kuwerenga maola dzuwa likamatuluka, ndiye 12 yawo ndi 6 koloko m'mawa, komanso wotchi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Mayi inu, dzina lanu sitinafunse, koma ulendo wathu munaupulumutsa ndi kapu ya tiyi m'manja.

Phirili sulowamo wekha, lamulo limafuna wokutsogolera wovomerezeka. Ife awiri tinali ndi bambo wotitsogolera, wachiwiri wake, wophika, ndi onyamula katundu asanu ndi atatu. Pachipata amayeza katundu pa sikelo kuti aliyense asapitirire makilogalamu 20, koma pamwamba pa amenewo munthu amasenzanso zake zomwe. M'mawa timawasiya akuphwasula matenti, pakapita ola amatidutsa akuthamanga, mtolo pamutu, nkumatiuza kuti "pole pole", ndiko kuti pang'onopang'ono. Tikafika madzulo titatheratu timapeza matenti atadzutsidwa kale, madzi otentha ali m'beseni. Ku Barafu, msasa womaliza musanakwere kunsonga, kulibe mtsinje, madzi onse amene tinamwa kumeneko anachita kuwasenza kuchokera kuchigwa cha Karanga. Zithunzi zomwe anthu amaika pa Facebook ataima pachikwangwani siziwaonetsa anthu amenewa, ndipo ndikunena mosabisa kuti pakanapanda iwo ambiri a ife sitikanadutsa ndi nkhalango ya tsiku loyamba yomwe. Wophika atamva kuti ndife Amalawi anatiphikira ugali madzulo aliwonse, yolimba kuposa nsima yathu, koma pa mamita 3,800 munthu sasankha.

Masiku anayi oyamba ndinali bwino ndithu. Ku Shira tinaona phiri la Meru litatumphuka pamwamba pa mitambo dzuwa likulowa. Tsiku lachitatu tinakwera mpaka Lava Tower, mamita 4,600, nkutsikiranso ku Barranco kukagona, dala, kuti thupi lilawe mpweya wochepa kenako lipume. Mutu unandiwawa pang'ono koma unasiya. Khoma la Barranco, lomwe timaliopa, tinalikwera ndi manja ndi miyendo tikuseka, chifukwa amene anakwerako Sapitwa miyala yotere saidabwa.

Chifuwa chinayamba ku Karanga. Apa ndiulule kulakwa kwanga: ndinabisa. Madzulo aliwonse bambo wotitsogolera amatipana chala ndi kachipangizo koyeza mpweya m'magazi, nkumatifunsa za mutu, za chilakolako cha chakudya, za tulo. Ine ndinkangoti zonse zili bwino. Ndinkaganiza za malata, za banki nkhonde, za anthu a kuntchito amene ndinawalonjeza chithunzi. Ku Barafu, mamita 4,673, nambala yanga inatsika, bamboyo anandiyang'anitsitsa, ine nkunama kuti chala changozizira.

Tinanyamuka pakati pausiku, tochi pamphumi. Ukayang'ana kumwamba umangoona mzere wa timagetsi tikukwera mokhotakhota, osadziwa kuti tochi zathera pati ndipo nyenyezi zayambira pati. Madzi anaundana m'botolo. Pamtunda umenewo mpweya umene umalowa ukapuma kamodzi ndi pafupifupi theka la umene umapeza m'mbali mwa nyanja yamchere, ndiye phazi lililonse umaligula. Cha m'ma 4 koloko ndinayamba kumva kulira m'chifuwa ngati madzi akubwadamuka mu mphika. Ndinkaima, kupuma osakhuta. Kutacha, dzuwa likutuluka kuseri kwa Mawenzi, nsonga ina ya phirili, tinafika pa Stella Point, ndipo anzanga akuti ndinkadzandira ngati woledzera kachasu, milomo itachita bii, ndikuyankha zosagwirizana ndi funso. Ine zimenezo sindikuzikumbuka bwino. Ndikukumbuka bamboyo atandigwira mapewa onse awiri nkunena mawu amodzi okha m'Chingerezi, akuloza kumunsi. Sanakambirane nane, sanandinyengerere. Bambo, tsiku limenelo ndinakukwiyirani mumtima. Adokotala ku Moshi anandiuza kuti m'mapapo munayamba kulowa madzi, ndipo mankhwala ake enieni ndi kutsika msanga. Ana anga ali ndi bambo lero chifukwa munakana kundimvera.

Tsopano iwe aise.

Anthu adziwe kuti ulendowu sunali maloto anga. Anali ako, kuyambira tili Fomu 2, pamene unadula chithunzi cha phirili m'kalendala yakale nkuchimata mkati mwa chivundikiro cha sutikesi yako. Ndiwe unandiuza kuti azungu awiri, Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller, anafika pansonga mu 1889, ndi kuti dzina lakuti Uhuru linabwera Tanganyika italandira ufulu mu 1961, mawu omwewo athu akuti ufulu. Unandilongosolera zimenezi kokwana mwina kakhumi m'basi, mpaka ndinanamizira kugona. Mbendera ya Malawi inali m'chikwama chako, utaipinda bwinobwino kuyambira ku Lilongwe.

Pa Stella Point iwe unali wamphamvu. Chikwangwani cha Uhuru sichinali kutali, ulendo wosakwana ola, njira yake yosatsetsereka kwenikweni, m'mphepete mwa chigwa cha pamwamba, madzi oundana akuwala kumanzere. Otsogolera amakhala awiri pa chifukwa chomwechi, kuti wina akadwala mnzake apitirire. Wachiwiri uja anakuuza kuti tiyeni, mnzanuyu ali m'manja abwino, mukamupeza ku Barafu. Zimene unayankha anandiuza ndi iyeyo, iwe sunandiuze mpaka lero. Unati, "Nanga zikakavuta m'njiramu, alamu anga ndikawauza kuti ndinali kuti? Kokajambulitsa?" Unandilanda chikwama, nkukoleka dzanja langa pakhosi pako, mbali inayo bamboyo, tinatsika mumchenga uja mukundikoka ngati thumba la chimanga. Ku Barafu sanatilole kugona. Anandiika pa machira a tayala limodzi, anyamata anayi akuwongolera m'miyala, iwe ukuthamanga pambali ndi zikwama ziwiri mpaka kumsasa wa Mweka. Mbendera ija sinatuluke m'chikwama.

Kuchipata cha Mweka amapereka satifiketi: yagolide kwa ofika pa Uhuru, yobiriwira kwa othera pa Stella Point. Tonse awiri tinalandira yobiriwira. Yanga ndi yondiyenera, mwinanso yandikulira. Yako inayenera kukhala ina, ndipo amene anakulanda ndine, ndi bodza langa la ku Karanga. Ndinayesa kupepesa tili m'chipatala, iwe nkundidula kuti ndisiye zachibwana ndimalize phala. Ndiye ndalemba pano poti sungandidule pakamwa, anthu onse aone. Pepa aise, ndipo zikomo. Masiku atatu unagona pampando wa pulasitiki, ukulimbana ndi Chiswahili cha m'kabuku kuti undigulire mankhwala, ukuimbira akunyumba kwanga madzulo aliwonse ndi mawu odekha pomwe iwe mwini unali ndi mantha. Ndalama zako zogulira ana mphatso zinathera pa ine. Ndauza kale a banki nkhonde kuti ndikamaliza ngongole iyi nditenganso ina, ndipo ulendo umenewo ndidzakudikira ku Moshi ndikumwa khofi wa Achaga, eni dera a kumeneko, iwe ukamalize mamita 139 ako. Usatsutse.

Anamwino ndi adokotala amene munandisamala ku Moshi, zikomo chifukwa cha kuleza mtima ndi mlendo wosamva chinenero. Abwana kuntchito, munandiwonjezera sabata popanda kundifunsa kalata, zikomo. Achimwene a ku Johannesburg, ndalama munatumiza usiku uja inafika m'mawa mwake ndipo ndiyo inatikweza basi yobwerera. Aneba amene mumatengera ana kusukulu masiku onsewa, tidzabwera kudzathokoza pamaso, osati pafoni.

Amene mwandifunsa kuti nanunso mukufuna kupita, pitani, koma tengani njira ya masiku asanu ndi awiri kapena kuposa, osathamangira yotchipa ya masiku ochepa, ikanipo padera ndalama yothokozera onyamula katundu, ndipo akakupanani chala madzulo muzinena zoona.

Alamu amene munandibwereka jekete lalikulu lija, ndibweretsa Loweruka. Zipi inaduka potsika, ndapereka kale kwa atelala.